J.R.R. Tolkien: mlembi amene adakana kuti nthano n'za ana okha

Munthu akalowa m'sitolo yaikulu yogulitsa mabuku ku London kapena ku New York, amapeza kuti nkhani zopeka za zinjoka, amatsenga ndi maiko osapezeka pamapu adazigawa patatu. Pali shelefu ya ana, pali ya achinyamata a zaka za pakati pa 12 ndi 18, gulu lomwe pa Chingerezi amalitcha young adult, ndiyeno pali ya akuluakulu. Koma buku la The Hobbit silikhala malo amodzi. Kope lina limatuluka ndi chikuto cha zithunzi zokopa ana, lina ndi chikuto chodekha choyenera munthu wamkulu, chonsecho mawu a m'kati ndi amodzimodzi. Mlembi wa bukuli, John Ronald Reuel Tolkien, adatha zaka zambiri akulimbana ndi funso lakuti kodi nthano ili ndi msinkhu wake. Mbiri ya moyo wake imathandiza kuona kulemera kwa maina omwe amalembedwa pamashelefu amenewa.

Mwana wamasiye wokonda zinenero

Tolkien adabadwa pa 3 Januwale 1892 mumzinda wa Bloemfontein, m'dziko lomwe panthawiyo linkatchedwa Orange Free State, lomwe lero ndi mbali ya South Africa. Bambo ake, Arthur Tolkien, adali Mngelezi woyang'anira nthambi ya Bank of Africa mumzindawo. Mu 1895 mayi ake, Mabel, adamutenga pamodzi ndi mng'ono wake Hilary kupita ku England, poti nyengo yotentha sinkamuyanja mwanayo. Bambo ake adayenera kuwatsatira pambuyo, koma adadwala n'kumwalira mu Febuluwale 1896, ndipo banjalo silidabwererenso ku Africa.

Mabel adakhazikika ndi anawo m'mudzi wa Sarehole, kufupi ndi Birmingham, ndipo ankawaphunzitsa yekha pakhomo Chilatini, Chifalansa, kujambula ndi maina a zomera. M'mabuku omwe ankamubweretsera, Ronald adakonda kwambiri nthano ya Sigurd wopha chinjoka, yomwe adaipeza m'buku la Andrew Lang lotchedwa The Red Fairy Book. Koma nkhani zina zomwe anthu ankati mwana aliyense amazikonda, monga Treasure Island ndi nthano za Hans Christian Andersen, iye sizidamusangalatse. Ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri adalemba kankhani kake ka chinjoka. Mayi ake adangomuwongolera pa kasanjidwe ka mawu awiri ofotokoza chinjokacho, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake udapita ku zinenero kwa zaka zambiri.

Mu 1900 Mabel adalowa mpingo wa Katolika, zomwe zidakwiyitsa achibale mpaka ena adasiya kumuthandiza. Banjalo lidasauka, ndipo mu Novembala 1904 mayiyo adamwalira ndi matenda a shuga ali ndi zaka 34, Ronald ali ndi zaka 12. Ana awiriwo adawasiya m'manja mwa wansembe, bambo Francis Morgan a ku Birmingham Oratory. Pasukulu ya King Edward's, mnyamatayo adaphunzira Chingerezi chakale ndi zinenero zina zomwe zidafa kalekale, n'kuyambanso kupeka zinenero zakezake. Ali ndi zaka 16 adakumana ndi Edith Bratt, mtsikana wamasiye mnzake yemwe ankamuposa ndi zaka zitatu. Wansembeyo adamuletsa kuonana naye kufikira atakwanitsa zaka 21, ndipo iye adamvera. Atangokwanitsa zakazo adamulembera kalata yomufunsira.

Nkhondo ndi nthano zoyamba

Tolkien adalowa koleji ya Exeter ku yunivesite ya Oxford mu 1911 ndipo adakhoza bwino kwambiri maphunziro a Chingerezi mu 1915, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili m'kati. Adakwatira Edith pa 22 Malichi 1916, ndipo patangopita miyezi yochepa adatumizidwa ku France ndi gulu la asilikali la Lancashire Fusiliers, komwe ankayang'anira zotumiza mauthenga. Adamenya nawo nkhondo ya ku Somme, yomwe pa tsiku lake loyamba lokha, pa 1 Julayi 1916, idapha asilikali a Britain oposa 19 000. Mmodzi mwa akufa tsikulo adali Rob Gilson, mnzake wapamtima wa kusukulu. Mnzake wina, Geoffrey Bache Smith, adamwalira mu Disembala chaka chomwecho atavulazidwa ndi bomba. Tolkien adapulumuka chifukwa adadwala matenda ofalitsidwa ndi nsabwe za m'ngalande zobisalamo asilikali, ndipo mu Novembala adamubweza ku England.

Ali m'kati mochira, adayamba kulemba nthano zake zoyamba za dziko lopeka lomwe pambuyo pake lidadziwika kuti Middle-earth. Imodzi mwa nthanozo, The Fall of Gondolin, ikusimba za mzinda wokongola womwe udawonongedwa ndi adani chifukwa cha munthu wopereka anzake. Wolembayo adali msilikali wa zaka za m'ma 20 wolira anzake, ndipo m'maganizo mwake mudalibe mwana aliyense woti adzawerenge. Patapita zaka iye mwini adafotokoza kuti chikondi chake chenicheni cha nthano chidadzuka atayamba kuphunzira zinenero, ali pakhomo pa ukulu, ndipo nkhondo ndiyo idachikoleza.

Nkhondo itatha adagwira ntchito yokonza mtanthauziramawu wa Oxford English Dictionary, komwe adapatsidwa mawu oyamba ndi chilembo cha W. Mu 1920 adakaphunzitsa ku yunivesite ya Leeds, ndipo mu 1925 adabwerera ku Oxford monga pulofesa wa Chingerezi chakale. Mu 1936 adakamba nkhani yotchuka yokhudza ndakatulo yakale ya Beowulf. Akatswiri a nthawiyo ankadandaula kuti mlakatuli adataya luso lake pa zilombo ndi chinjoka, zinthu zomwe iwo ankaziona ngati zachibwana. Tolkien adawatsutsa ponena kuti zilombozo ndizo mtima wa ndakatuloyo, popeza kudzera mwa izo mlakatuli akukamba za imfa yomwe munthu aliyense, ngakhale ngwazi, sangaithawe.

Chiweruzo cha mwana wa zaka 10

Pakhomo, Tolkien adali ndi ana anayi: John, Michael, Christopher ndi Priscilla. Ankawasimbira nthano madzulo, ndipo kuyambira mu 1920 ankawalembera makalata a zithunzi okhala ngati achokera kwa Father Christmas. Michael atataya kagalu kake kachidole m'mphepete mwa nyanja mu 1925, bambo ake adamutonthoza ndi nthano ya maulendo a kagaluko. The Hobbit idaphukira m'nthaka yomweyi. Tsiku lina akuchonga mayeso kuti apezeko ndalama zoonjezera, adapeza pepala lomwe wophunzira adalisiya lopanda kanthu, ndipo adalembapo chiganizo chimodzi chokhudza kamunthu kotchedwa hobbit. Kuchokera pachiganizocho idakula nkhani ya Bilbo Baggins, wokonda zakudya ndi mtendere wa pakhomo, yemwe Gandalf wamatsenga adamukokera paulendo wokalanda chuma kwa chinjoka chotchedwa Smaug.

Zolembazo zidafika ku kampani yosindikiza mabuku ya George Allen & Unwin mu 1936. Mkulu wa kampaniyo, Stanley Unwin, ankakhulupirira kuti woweruza wabwino wa buku la ana ndi mwana, choncho adazipereka kwa mwana wake Rayner, wa zaka 10, yemwe ankamulipira shileni imodzi pa lipoti lililonse. Rayner adayamikira bukulo ndipo adati lingasangalatse ana a zaka zapakati pa zisanu ndi zisanu ndi zinayi. Bukulo lidatuluka pa 21 Sepitembala 1937, makope okwana 1 500, ndipo pofika mu Disembala onse adali atagulidwa. Chaka chotsatira nyuzipepala ya New York Herald Tribune idalipatsa mphotho m'gulu la mabuku a ana.

Apa dzina lakuti buku la ana lidagwira ntchito yooneka. M'zaka zimenezo kudali kovuta kuti kampani ya ku Britain isindikize nkhani ya chinjoka n'cholinga chogulitsa kwa akuluakulu, koma kudzera pakhomo la ana nkhaniyo idaloledwa kulowa. Umboni wake ndi wakuti Unwin atapempha buku lina, Tolkien adamutumizira nthano zake zakale zija za nkhondo ndi imfa, ndipo kampaniyo sidazisindikize. Chomwe inkafuna chidali nkhani ina ya ma hobbit. Komabe, mnzake C.S. Lewis, yemwe ankakumana naye m'kagulu ka alembi kotchedwa Inklings, adali ataona kale kuti dzinalo ndi lopapatiza. Powunika bukulo m'nyuzipepala mu 1937, Lewis adati kuliwerenga paubwana ndi chiyambi chabe, poti zakuya zake munthu amadzaziona akaliwerenganso atakula.

Zomwe adanena ku St Andrews

Pa 8 Malichi 1939 Tolkien adakamba nkhani ku yunivesite ya St Andrews ku Scotland pamutu wa nthano, yomwe adadzaikulitsa n'kuisindikiza mu 1947 pamutu wakuti On Fairy-Stories. M'menemo adati kugwirizanitsa nthano ndi ana kudangochitika mwangozi m'mbiri ya mabanja a ku Ulaya. Adafanizira nthano ndi mipando yakale yomwe akuluakulu akatopa nayo amakaitaya m'chipinda chosewereramo ana, osasamala kuti ikawonongeka. Anawo sadasankhe mipandoyo, adangoipeza m'chipindamo.

Adatsutsanso chizolowezi choona ana ngati mtundu wina wa zolengedwa wokhala ndi zokonda zofanana. Malinga ndi iye, ana ena amakonda nthano, ena sazikonda, chimodzimodzi akuluakulu, ndipo amene amazikondadi chikondicho chimakula pamodzi ndi msinkhu. Adadzudzula alembi amene amalankhula ndi mwana kwinaku akutsinzinira diso akuluakulu omwe ali pambali. Adati ngati nthano ili yoyenera kuwerengedwa, ndiye kuti ili yoyenera kulembedwera akuluakulu, ndipo ana adzatolamo zomwe angathe. Mabuku a ana adawafanizira ndi zovala zawo, zomwe zimayenera kusokedwa mosiya malo oti mwana akuliremo.

Kwa omwe ankanyoza nkhani zopeka kuti n'zothawira m'mavuto a dziko, iye adayankha kuti pali kusiyana pakati pa mkaidi wofuna kutuluka m'ndende ndi msilikali wothawa nkhondo, ndipo adati owerenga nthano ali ngati mkaidiyo. Adatchula mphatso zomwe nthano imapereka, monga kuonanso zinthu zozolowereka ndi maso atsopano ndiponso chitonthozo cha chimwemwe chodza mwadzidzidzi pomwe chiyembekezo chatha. Adaona kuti zimenezi amazifuna kwambiri ndi munthu wamkulu kuposa mwana.

Maganizo amenewa adamuchititsa kuyang'ananso buku lake ndi diso lodzudzula. M'makalata ake adavomereza kuti mu The Hobbit muli malo omwe wosimba nkhani amalankhula modzichepetsera kwa ana ndi kumaseka nawo mokakamiza, ndipo adati ana anzeru sakondwera nazo. Adaona kuti adalakwitsa potengera zomwe anthu ankakhulupirira zokhudza ana ndi nthano.

Buku lomwe lidakula ndi owerenga ake

Tolkien adayamba buku lotsatira mu Disembala 1937 akuganiza kuti lidzakhala lofanana ndi loyamba lija. Koma mphete yomwe Bilbo adatola m'phanga idasanduka chida cha ulamuliro woipa chomwe chimawononga aliyense wochisunga, ndipo nkhaniyo idayamba kulemera. Idamutengera zaka 12 kuti aimalize. Panthawiyi ana ake adakula. Christopher, yemwe adamvera nkhani ya Bilbo ali kamwana, pofika mu 1944 adali ku South Africa kuphunzira kuulutsa ndege zankhondo, ndipo bambo ake ankamutumizira mitu yatsopano ya bukulo papositi.

Yemwe adalimbikira kuti bukulo lisindikizidwe adali Rayner Unwin yemwe uja, tsopano ali wamkulu wogwira ntchito pakampani ya bambo ake. Adawachenjeza kuti akhoza kutayapo mapaundi 1 000, koma iwo adamulola. Chifukwa cha kukwera mtengo kwa mapepala, The Lord of the Rings idatuluka m'zigawo zitatu, ziwiri mu 1954 ndipo chomaliza mu Okutobala 1955.

Owunika mabuku adagawikana, ndipo mkangano wawo udagona pa nkhani ya msinkhu. Mlakatuli W.H. Auden adaliyamikira kwambiri. Edwin Muir, polemba mu The Observer, adadandaula kuti ngwazi za m'bukulo n'zangati anyamata ovala zikulu. Edmund Wilson wa ku America adalemba mu 1956 kuti ndi buku lachibwana lomwe langotalika mopanda chifukwa. Kwa owunika otere, kutchula buku kuti n'la ana idali njira yolichotsera pamndandanda wa zolemba zofunika. Komatu bukuli limathera pomwe Frodo, wonyamula mpheteyo, walephera kuitaya mwa kufuna kwake, ndipo ngakhale dziko lapulumuka, iye wabwerera kwawo ndi mabala osapola moti sangakhalenso mwamtendere pakati pa anthu ake. Awa ndi mathero omwe msilikali wobwera ku Somme ankawadziwa bwino.

Tolkien atamva kuti ana a zaka 10 akuliwerenga mwachidwi, sadakondwere kwenikweni. M'kalata ina ya mu 1956 adati bukulo sadalembere iwo, ndipo adaopa kuti woliwerenga msanga sadzalibwereranso pamsinkhu woyenera. Izi zikusonyeza kuti iye sankakana kuti msinkhu uli ndi mbali yake pa kuwerenga. Mu 1960 adayesa kulembanso The Hobbit m'kalembedwe kolemera ka buku lachiwirilo, koma adasiyira panjira atangolemba mitu yochepa, munthu wina yemwe adamuonetsa atamuuza kuti zolembazo n'zabwino koma sizilinso The Hobbit. Liwu lopepuka lomwe ankadandaula nalo lidali mbali ya moyo wa bukulo.

Dzina la pashelefu

Shelefu yapakati ija, ya achinyamata, idakhazikika Tolkien atamaliza kale mabuku ake akuluakulu. Bungwe la American Library Association lidatsegula nthambi yoona za owerenga achinyamata mu 1957, n'cholinga chothandiza ogwira ntchito m'malaibulale kupezera mabuku anthu omwe adutsa ubwana koma sadafike paukulu. Osindikiza adatengera dzinalo, ndipo lero chomwe chimaika buku m'gululi kawirikawiri ndi msinkhu wa mwininkhani, kufulumira kwa nkhaniyo ndi anthu omwe kampani ikufuna kuwagulitsa.

Muyeso umenewu sugwira pamabuku a Tolkien. Bilbo ali ndi zaka pafupifupi 50 ponyamuka ulendo wake, koma buku lake lidagulitsidwa kwa ana. Frodo nayenso akunyamuka ali ndi zaka 50, koma omwe adalitchukitsa buku lake adali achinyamata. Mu 1965 kampani ya Ace Books idasindikiza The Lord of the Rings ku America m'makope otsika mtengo popanda chilolezo cha mlembi, kenaka Ballantine idatulutsa makope ovomerezeka, ndipo ophunzira a m'makoleji adaligula mwaunyinji. Poona msika umenewu, Ballantine idayambitsa mu 1969 mndandanda wa mabuku otchedwa Adult Fantasy. Kampaniyo idaona kufunika kolemba pachikuto kuti nkhanizo n'za akuluakulu, chifukwa anthu ambiri ankaganizabe kuti zinjoka n'za ana. Patapita zaka pafupifupi 30, kampani ya Bloomsbury idayamba kutulutsa mabuku a Harry Potter ndi zikuto zapadera za akuluakulu, popanda kusintha liwu ndi limodzi lomwe m'katimo.

Choncho dzina la pashelefu lili ndi ntchito yake. Limathandiza kholo, mphunzitsi kapena woyang'anira laibulale kudziwa msanga kulemera kwa chinenero ndi mtundu wa zochitika za m'buku, ndipo limatsegulira mlembi msika, monga momwe lidachitira ndi The Hobbit. Chomwe silingathe ndi kunena kuzama kwa nkhani kapena kulosera amene adzaikonde. Vuto limabwera pamene dzinalo lasanduka chiweruzo, wowunika n'kumanyoza buku chifukwa cha shelefu yomwe lili, kapena mlembi n'kumachepetsa nkhani yake poganiza kuti wachinyamata sangamve zakuya. Tolkien adakumana ndi zovuta ziwiri zonsezi, yoyamba kuchokera kwa Wilson, yachiwiri kuchokera m'cholembera chake chomwe.

Masiku otsiriza

Tolkien adapuma pantchito ku Oxford mu 1959. M'mawu ake otsanzika adakumbutsa omvera kuti adabadwira ku South Africa ndipo amadana ndi tsankho la apartheid, n'kuwonjezera kuti amadananso ndi mpanda womwe yunivesite idamanga pakati pa maphunziro a chinenero ndi a zolembalemba. Kutchuka kudamusowetsa mtendere, poti okonda mabuku ake ankabwera pakhomo pake ndipo ena a ku America ankamuimbira telefoni pakati pa usiku. Mu 1968 iye ndi Edith adasamukira ku Poole, kufupi ndi Bournemouth. Edith adamwalira pa 29 Novembala 1971. Chaka chotsatira Tolkien adalandira ulemu wa CBE kuchokera kwa Mfumukazi Elizabeth II, ndipo adamwalira pa 2 Sepitembala 1973 ali ndi zaka 81.

Awiriwo adaikidwa m'manda amodzi ku Wolvercote, mumzinda wa Oxford. Pamwala wa pamandapo, pansi pa dzina la Edith padalembedwa Lúthien ndipo pansi pa dzina lake padalembedwa Beren, maina a okondana awiri a m'nthano yomwe adayamba kuilemba mu 1917 akuchira matenda a kunkhondo. Nthano zakale zija, zomwe kampani idazibweza mu 1937 pofuna nkhani ya ana, mwana wake Christopher adazisonkhanitsa n'kuzitulutsa mu 1977 pamutu wakuti The Silmarillion. Idazisindikiza ndi George Allen & Unwin yomwe ija, ndipo panthawiyo mkulu wake adali Rayner Unwin, yemwe adawerenga The Hobbit ali ndi zaka 10 n'kulandira shileni imodzi.